Windows 11 pa makompyuta akale: ndikakamize kapena ndileke?

Nachisale

Akuluakulu nonse a pagulu lino, ndikupempha nzeru pa nkhani imene yandisowetsa mtendere kwa milungu ingapo tsopano. Ndili ndi kashopu kotaipira ndi kupulintira makalata, ndipo ntchito yathu yambiri ndi makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati, timabuku ta mwambo wa maliro ndi mayeso a sukulu zoyandikana nafe. Makompyuta ndili nawo atatu, ndipo onse ndinagula ogwiritsidwa kale ntchito. Yoyamba ndi Dell OptiPlex 7040 ya pulosesa ya Core i5-6500 ndi RAM ya 8 GB, imene imasenza ntchito yonse yaikulu ndipo ndiyo yolumikizidwa ku pulinta. Yachiwiri ndi laputopu ya ThinkPad T480 imene ndimalembamo ndalama zolowa ndi zotuluka. Yachitatu ndi nkhalamba ya Core 2 Duo E8400, imene ana a sukulu amaphunzirirapo kutaipa masana akaweruka. Onse atatu ali pa Windows 10.

Ndinamva kuti kuyambira pa 14 Okutobala 2025 a Microsoft anasiya kusamalira Windows 10, choncho ndinatsegula pulogalamu ya Microsoft yoyezera makompyuta yotchedwa PC Health Check kuti ndione ngati ndingasamukire ku Windows 11, koma makompyuta onse atatu anakanidwa. Mnyamata amene amatikonzera akunena kuti pali njira yokakamizira ndipo angathe kumaliza onse tsiku limodzi. Ine mtima wanga sukukhazikika, chifukwa kompyuta ya pulintayo ikangoima kwa masiku awiri okha, makasitomala anga apita kwa anzanga a tsidya la msewu. Paja safunsa anadya phula. Kodi ndimulole, kapena ndisiye zinthu mmene zilili?

Jere

Mayi Nachisale, mulekeni mnyamatayo agwire ntchito yake, palibe choopsa. Ine ndaika Windows 11 pa makompyuta okanidwa oposa khumi, ndipo onse akuyenda mpaka lero. Chofunika ndi fulashi ya 8 GB kapena kuposerapo, fayilo ya ISO yoikira Windows 11 yotengedwa kwa a Microsoft eniake, ndi kapulogalamu kaulere kotchedwa Rufus. Mukamakonza fulashiyo, Rufus imakufunsani ngati mukufuna kuchotsa lamulo la TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka m'kompyuta), la Secure Boot (chitetezo cha poyatsa kompyuta) ndi la RAM ya 4 GB, inu mumangochonga ndi kupitiriza. Laisensi yanu ya Windows 10 imagwiranso ntchito pa Windows 11, kotero simulipira kanthu. Vuto lokhalo ndi bandulo, pakuti fayiloyo imaposa 5 GB, ndiye ndi bwino kuikopera kwa munthu amene ali nayo kale.

Gondwe

Achimwene a Jere, zimene mwanena za Rufus ndi zoona, koma mwafulumira kuika makompyuta atatuwa m'dengu limodzi pamene matenda awo ndi osiyana. Ndiloleni ndiyambe ndi laputopu, chifukwa ndi imene yandidabwitsa.

ThinkPad T480 siyenera kukanidwa ayi. Yambiri ili ndi mapulosesa a Intel a m'badwo wachisanu ndi chitatu, monga Core i5-8250U, ndipo malire a Windows 11 amayambira pa m'badwo womwewo. TPM 2.0 ili nayonso. Chimene ndimachiona kawirikawiri pa malaputopu ogula kwa anthu ogulitsa katundu wakale n'chakuti wogulitsayo, pofuna kuthamanga, amaika Windows m'njira yakale ya Legacy, hadi disiki n'kukhala ya dongosolo la MBR, ndipo zikatero Secure Boot singayatsidwe. Kompyutayo imakanidwa ilibe mlandu. Mayi, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe msinfo32, ndipo muone mzere wolembedwa kuti BIOS Mode. Kenaka mulembenso tpm.msc muone ngati ikuonetsa 2.0. Mutiuze zimene mupeze musanalole aliyense kukhudza laputopuyo.

Nkhalamba ya Core 2 Duo ija nkhani yake ndi yachidule. Kuyambira pa mtundu wa Windows 11 wotchedwa 24H2, umene unatuluka pa 1 Okutobala 2024, pulosesa iyenera kudziwa malangizo otchedwa POPCNT ndi SSE4.2, amene a Intel anayamba kuika mu 2008 pa mapulosesa oyamba a Core i7. E8400 ilibe malangizo amenewa. Apa si nkhani ya mlonda woima pachipata amene Rufus angamuzembe, koma kuti Windows yeniyeniyo inalembedwa m'chinenero chimene pulosesayo siimva, ndiye singadzuke n'komwe. Wina angakuuzeni kuti aikapo 23H2 imene inkalola, koma ya Home ndi Pro imeneyo inasiya kulandira zigamba za chitetezo pa 11 Novembala 2025, choncho mungangochoka m'nyumba yodontha kulowa m'nyumba inanso yodontha.

Yofunika kuikambirana modekha ndi OptiPlex, ndipo ndibweranso.

Nachisale

Zikomo kwambiri bambo Gondwe. Ndaona monga munandiuzira, ndipo pa BIOS Mode palembedwadi kuti Legacy. Pulosesa yake ndi i5-8250U yomwe mwaitchula ija. Pa tpm.msc yaonetsa 2.0. Kodi tsopano ndiyenera kufufuta zonse kuti ndikonze zimenezi? M'laputopumu muli kaundula wa ngongole za makasitomala wa zaka zitatu.

Gondwe

Simuyenera kufufuta, koma choyamba koperani kaundulayo ndi mafayilo onse ofunika pa fulashi kapena pa hadi disiki ina, ndipo mutsegule angapo pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti akoperekadi. Mu Windows 10 muli kale kachida kotchedwa mbr2gpt kamene kamasintha disiki kuchoka ku MBR kupita ku dongosolo latsopano la GPT popanda kuononga mafayilo. Mumatsegula Command Prompt ngati administrator ndi kulemba mbr2gpt /validate /allowFullOS, ndipo ikavomera mumalemba mbr2gpt /convert /allowFullOS. Ikakana, nthawi zambiri chifukwa chake n'chakuti disikiyo inagawidwa zigawo zoposa zitatu. Ikamaliza, laputopuyo siidzuka kufikira mutalowa mu BIOS, malo osinthira kadzukidwe ka kompyuta, podina F1 poyatsa, n'kusintha pa Startup kuti ikhale UEFI m'malo mwa Legacy, kenaka n'kuyatsa Secure Boot pansi pa Security. Ndanena zimenezi poyera chifukwa anthu ambiri amachita mantha akaona sikirini yakuda pamenepa n'kuganiza kuti aononga zonse. Chitani izi batire ili yodzaza. Mukatero Windows 11 ibwera yokha mwa njira yoyenera, popanda kuzemba chilichonse.

Jere

Pa laputopu ndi pa Core 2 Duo ndagonja, bambo Gondwe, simunalakwitse. Koma pa OptiPlex sindikuona chifukwa chozengereza. Core i5-6500 ndi pulosesa ya 2015, ya m'badwo wachisanu ndi chimodzi, imene ikadali ndi mphamvu zokwanira kuyendetsa Word ndi kutsegula intaneti, ndipo pa ntchito zina imapambana mapulosesa ang'onoang'ono a Celeron amene ali pa mndandanda wa ovomerezeka. Ndikuuzeninso kuti a Microsoft okha anavomereza Core i7-7820HQ ya m'badwo wachisanu ndi chiwiri, imene ili mu Surface Studio 2 yawo, pamene anzake ambiri a m'badwo womwewo anawasiya kunja. Komanso kwa zaka zingapo iwo eni anali atalemba njira yodutsira lamulo la pulosesa posintha registry, kaundula wa zokonzera za Windows, ngakhale pambuyo pake anaichotsa. Ngati mwini nyumba anakusonyezapo khomo lakuseri, ine sindiona cholakwa kulowerapo. Bungwe lofufuza za msika la Canalys linayerekeza kumapeto kwa 2023 kuti makompyuta pafupifupi 240 miliyoni angathe kutayidwa chifukwa cha malire amenewa, ndipo ife amene timadalira makompyuta akaunjika ndife oyamba kukhudzidwa.

Gondwe

Sindikutsutsa kuti OptiPlex iyendetsa Windows 11, iyendetsa ndithu, ndipo ineyo ndaikapo pa makompyuta a mtundu womwewo. Chimene ndikufuna mayi Nachisale amvetse ndi udindo umene akusenza akalola zimenezi, chifukwa anyamata ambiri oika Windows amalandira ndalama yawo tsiku lomwelo, osafotokoza za chaka chamawa.

Windows 11 imatuluka yatsopano chaka ndi chaka, ndipo iliyonse ya Home kapena Pro imasamalidwa kwa miyezi 24 yokha. Pa kompyuta yovomerezeka, kusamuka kuchoka ku ya chaka chino kupita ku ya chaka chamawa kumachitika kokha. Pa kompyuta yokakamizidwa, zigamba za mwezi ndi mwezi zakhala zikubwera ndithu, koma kusamuka kwakukulu kwa pachaka nthawi zambiri sikubwera kokha, mumayenera kutenganso fulashi ndi kubwereza ntchito ija ndi manja. Ndakumanapo ndi makompyuta ambiri amene anakakamizidwa mu 2022, eni ake akukhulupirira kuti ali otetezeka poona chizindikiro cha Windows 11, chonsecho zigamba zinaleka kubwera kalekale ndipo palibe anawauza. Munthu wotereyu ali pangozi kuposa amene ali pa Windows 10 akudziwa bwino kuti yake yatha.

Chachiwiri, a Microsoft analemba momveka kuti kompyuta yosakwaniritsa malire awo ilibe lonjezo lolandira zigamba. Mpaka pano akhala akupereka, koma zimene zinachitikira Core 2 Duo pa 24H2 zikutiphunzitsa kuti tsiku lina akhoza kugwiritsa ntchito chinthu chimene m'badwo wachisanu ndi chimodzi ulibe, ndipo pamenepo palibe Rufus amene adzathandize. Iwo ananenanso mu 2021 kuti pa kuyesa kwawo makompyuta osakwaniritsa malirewo ankagwa kwambiri ndi 52 peresenti kuposa ena. Chiwerengero chimenecho n'chochokera kwa wogulitsa, ndiye ine ndimachimva ndi khutu limodzi, komabe madalaivala akale, timapulogalamu timene timayendetsa zida monga pulinta, ndi amene amayambitsa mavuto ambiri otere, ndipo shopu ya mayiwa moyo wake uli pa dalaivala wa pulinta.

Mbewe

Ndilowererepo pang'ono ndi zimene zinandigwera, kuti mayi Nachisale asadutse njira yomweyo. Chaka chatha ndinaika 24H2 mwatsopano pa laputopu ya mlamu wanga, n'kulowa ndi akaunti ya Microsoft imene tinaitsegula mothamanga tsiku lomwelo, nambala yachinsinsi n'kuilemba pa kapepala kamene kanasowa. Sindinadziwe kuti Windows inali itatseka yokha disiki yonse ndi BitLocker. Patapita miyezi iwiri ndinalowa mu BIOS kukasintha zina, ndipo poyatsa panatuluka sikirini yabuluu yofuna nambala ya manambala 48. Nambalayo inali mu akaunti ija imene tonse tinaiwala kalowedwe kake. Zithunzi za chinkhoswe cha mwana wawo zinapita choncho, ndipo mpaka lero nkhaniyi imatuluka tikakumana pa maliro kapena pa ukwati. Kulakwa kunali kwanga. Rufus ili ndi kabokosi kena koletsa kutseka disiki kodzichitikira kumeneku, ndipo pa kompyuta ya pashopu imene siichoka pa tebulo ine ndingachonge kabokosiko. Pa laputopu yoyenda nayo BitLocker ndi yabwino ikabedwa, koma nambalayo muipulinte ndi kuisunga kumene mumasunga ziphaso.

Nankhoma

Ine ndine mphunzitsi, ndipo ndikufuna kulankhulako za nkhalamba imene nonse mwaiweruza kuti yatha ntchito. Kusukulu kwathu tinalandira makompyuta a msinkhu womwewo, ndipo m'malo mwa Windows tinaikamo Linux Mint 22 ya Xfce, imene ndi yaulere, yopepuka, ndipo idzalandira zigamba mpaka 2029. Pophunzitsa ana kutaipa ndi yokwanira, pakuti kiyibodi ndi yomweyo ndipo LibreOffice, imene imagwira ntchito ngati Word, imabwera ili momwemo. Ubwino wina umene sitinauyembekezere ndi wa mafulashi. Kale mwana aliyense akabaya fulashi yake, mafoda onse ankasanduka ma shortcut, ife n'kumathera Loweruka tikutsuka makompyuta. Mavayirasi amenewo analembedwera Windows, ndipo pa Linux amangooneka ngati mafayilo wamba amene mumawafufuta ndi dzanja.

Koma ndisakunamizeni, achemwali, pa kompyuta yanu yaikulu Linux sindingakulangizeni. Kasitomala akabwera ndi kalata ya Word yokhala ndi matebulo ndi zilembo zokongoletsa, LibreOffice nthawi zina imasuntha mizere, tsamba limodzi n'kusanduka awiri, ndipo munthu wofunsira ntchito sangamvetse zimenezo. Ngati makadi a ukwati mumakonzera mu Publisher, imeneyo pa Linux kulibe.

Nachisale

Mayi Nankhoma, mwalasa penipeni, makadi onse ndi timabuku ta maliro timakonzera mu Publisher, ndipo ndili ndi zitsanzo zoposa zana zimene timangosintha maina ndi zithunzi. Bambo Gondwe, nanga ndikangoisiya OptiPlex pa Windows 10 osachita kanthu, chingachitike n'chiyani? Mpaka lero ikuyaka bwinobwino.

Gondwe

Ipitiriza kuyaka, ndipo mawa kapena mwezi wamawa simudzaona kusintha kulikonse. Ngozi yake imakula pang'onopang'ono ngati chiswe m'denga. Mwezi uliwonse kumapezeka ming'alu yatsopano, ndipo yambiri imakhala ya Windows 11 ndi Windows 10 yomwe, chifukwa ziwirizi n'zapachibale. Chigamba cha Windows 11 chikatuluka, akuba amachiphunzira n'kudziwa pamene pali mng'alu, kenaka n'kukayesa pa Windows 10 imene sinamatidwe. Mu Meyi 2017 vayirasi ya WannaCry inatseka mafayilo m'makompyuta a maiko ambiri, mpaka zipatala za NHS ku Britain zinabweza odwala, chonsecho chigamba chake chinali chitatuluka mu Malichi, kungoti ambiri anali asanachiike. Kompyuta yanu imalandira mafulashi a anthu osawadziwa tsiku lonse ndiponso mafayilo a pa WhatsApp ndi imelo, choncho ili pamalo oonekera kuposa ya munthu wa kunyumba. Microsoft Defender, pulogalamu yolimbana ndi mavayirasi ya mu Windows, ipitiriza kulandira mndandanda wa mavayirasi atsopano mpaka 2028, zimene n'zothandiza, koma mlonda sakonza khoma logumuka.

Pali njira yapakati yotchedwa ESU, imene imapatsa Windows 10 ya 22H2 zigamba mpaka pa 13 Okutobala 2026. Kwa anthu wamba mtengo wake ndi madola 30, kapena ulere mukalowa ndi akaunti ya Microsoft ndi kulola kuti zokonda za kompyuta yanu zizisungidwa kumeneko. Dziwani kuti imeneyi anaikonzera makompyuta a pakhomo, pamene ya mabizinesi imayambira pa madola 61 pa kompyuta imodzi ndipo mtengowo umawirikiza chaka chilichonse. Ndi yongogulira nthawi basi. Muonenso Office yanu, chifukwa ya 2016 ndi ya 2019 zinasiya kusamalidwa tsiku lomwelo la 14 Okutobala 2025, ndipo Publisher yeniyeniyo a Microsoft analengeza kuti aisiya mu Okutobala 2026. Zitsanzo zanu zija yambani kuzisunganso ngati PDF, ndipo zimene mumagwiritsa ntchito kwambiri muzisamutsire pang'onopang'ono ku Word.

Mukandifunsa chimene ndingachite pa OptiPlex, nachi. Musakhudze hadi disiki imene ilimo. Gulani disiki yothamanga ya mtundu wa SSD ya 256 GB, mnyamata wanu achotse disiki yakaleyo, muikulunge bwino ndi kuisunga m'dirowa, ndipo Windows 11 ya 25H2 aiike mwatsopano pa SSD pogwiritsa ntchito fulashi ya Rufus monga anenera a Jere. Pulinta ikakana, kapena magetsi akazima ntchito ili pakati, mumangobwezeretsa disiki yakale ndipo pasanathe mphindi khumi shopu yatsegulidwa ngati palibe chinachitika. Njira yoika pamwamba pa Windows 10 ilipo, ndipo imakupatsani masiku 10 oti mubwerere, koma ine sindiikhulupirira pa kompyuta imene ikudyetsa banja.

Jere

Nzeru ya disiki ya m'dirowa ndaitola, sindinaiganizepo. Ndingowonjezera kuti SSD yokhayo idzasintha kompyutayo kuposa Windows iliyonse, moti mayi adzaganiza kuti agula ina. Mnyamatayo akumbukirenso kutenga madalaivala a pulinta asanayambe, ndipo ngati a Windows 11 palibe, a Windows 10 a 64-bit kawirikawiri amagwira.

Mbewe

Ndipo ntchito imeneyi muichite Lamlungu masana kapena tsiku limene mukudziwa ndondomeko ya magetsi a dera lanu, osati Lachisanu pamene anthu a maukwati ali pamzere.

Nachisale

Akuluakulu, ndabweranso patapita sabata kuti ndikuuzeni mmene zayendera, popeza munataya nthawi yanu pa ine.

Laputopu inavomera mbr2gpt ulendo woyamba. Sikirini yakuda ija inabweradi, ndipo ngakhale munandichenjeza, manja anga ananjenjemera kufikira nditapeza pa Startup paja. Tsopano PC Health Check ikuti zonse zili bwino, Windows 11 inalowa usiku umodzi, ndipo kaundula wa ngongole ali momwemo. Nambala ya BitLocker ndaipulinta, ili mu envelopu limodzi ndi chiphaso cha bizinesi.

Pa OptiPlex tinachita monga ananenera bambo Gondwe. Mnyamata wanga poyamba anaona ngati ndikumukayikira pomuuza kuti disiki yakale asaifufute, koma pambuyo pake anavomereza, chifukwa pulinta inapulinta bwino pamene mbali yake yosikanira inakana kuoneka. Lolemba m'mawa kunabwera bambo wina ndi satifiketi zisanu zofuna kusikana, tinabwezeretsa disiki yakale, tinamuthandiza, ndipo madzulo ake tinapeza dalaivala wa Windows 10 amene anagwira pa SSD. Kompyutayo tsopano imadzuka ndisanamalize kupukuta tebulo. Pambali pake ndamatapo kapepala kolembedwa kuti 25H2 imatha mu Okutobala 2027, ndi kuti miyezi itatu iliyonse tizitsegula Windows Update kuona tsiku la chigamba chomaliza. Disiki yakale ikadali m'dirowa, m'kathumba ka pulasitiki.

Nkhalamba ija ili pa Linux Mint, ndipo ana sanadandaule kupatula kuti masewera a makadi asowa. Funso limodzi latsala kwa mayi Nankhoma. Mtsikana wina amafuna kutaipa dzina la dziko lathu ndi chilembo cha ŵ monga amalembera m'mabuku ena, ndipo njira imene tinkagwiritsa ntchito mu Word sikugwira kumeneku.

Nankhoma

Lowani pa zokonzera kiyibodi, pa gawo la Layout, musankhe batani limodzi loti likhale Compose, lophatikizira zilembo, ife tinasankha Alt ya kumanja chifukwa ana saigwiritsa ntchito. Mukatero mtsikanayo adine Alt imeneyo n'kuisiya, kenaka adine chizindikiro cha ^ chimene chili pa nambala 6 pamodzi ndi Shift, pomaliza adine w. Masewera a makadi aliponso mu Software Manager pa dzina la AisleRiot, koma ine kusukulu kwathu sindinawauze ana.